Yankho pa funso la mayina ndi mawu a m'mbiri ya Agiriki, Aroma ndi Amongolo

Achimwene, mwafunsa kuti ndi mayina ndi mawu ati amene munthu ayenera kuwagwira pa maufumu atatuwa, poti mabuku amangowaunjika mpaka mutu kuzungulira. Maganizo anga ndi akuti kuloweza dzina lililonse palokha sikuthandiza kwenikweni, koma mukamafunsa kuti wolamulira akamwalira mpando unkapita kwa yani, ndipo ankamusankha ndani, mayina ambiri amakhala m'malo mwake okha.

Agiriki analibe ufumu umodzi kwa zaka mazanamazana. Anali ndi mizinda yodzilamulira yokha, yotchedwa polis, monga Athens ndi Sparta, ndipo nkhondo pakati pa mizindayi sinkatha. Amene anaika yambiri mwa iyo pansi pa ulamuliro umodzi ndi Philip II wa ku Macedon, atagonjetsa Athens ndi Thebes ku Chaeronea mu 338 BC. Asilikali ake ankaima mothithikana m'mizere yotchedwa phalanx, aliyense atagwira ndi manja awiri mkondo wa sarissa wotalika kuposa mamita anayi, moti mikondo ya mizere ingapo yam'mbuyo inkatulukira kutsogolo kwa mzere woyamba. Mwana wake Alexander, amene anaphunzitsidwa ndi Aristotle, anathyola gulu lankhondo la Darius III wa ku Persia pa Gaugamela mu 331 BC, nafika mpaka ku India, koma anamwalira ku Babylon mu 323 BC ali ndi zaka 32 zokha, mkazi wake Roxana ali woyembekezera. Akazembe ake, amene mbiri imawatcha Diadochi, anagawana dziko ndi nkhondo: Ptolemy anatenga Egypt, Seleucus anatenga chigawo chachikulu cha kum'mawa, ndipo mwana wa Alexander uja anaphedwa asanakule. Cleopatra amene anafa mu 30 BC anali wa mbumba ya Ptolemy yemweyo.

Nkhani ya Aroma ndi imene ndikupempha kuti muikhalire pansi. Malinga ndi mbiri yawo, anathamangitsa mfumu yomaliza mu 509 BC, ndipo kuyambira pamenepo ankasankha akonsulo awiri chaka chilichonse, aliyense ali ndi mphamvu yoletsa chimene mnzake wagamula, pomwe nyumba ya akuluakulu, Senate, inkapereka uphungu. Pa nthawi ya zoopsa ankaika dictator, munthu mmodzi wokhala ndi mphamvu zonse, koma kwa miyezi isanu ndi umodzi basi. Julius Caesar atalandira udindo umenewu kwa moyo wake wonse, anzake a mu Senate anamubaya pa 15 Malichi 44 BC. Octavian, mdzukulu wa mlongo wake wa Caesar, anachenjera ndi imfa imeneyi: analandira dzina la Augustus mu 27 BC, nadzitcha princeps, woyamba pakati pa nzika, ngakhale kuti asilikali ndi chuma zinali m'manja mwake. Ndiye Kaisara Augusto amene timamuwerenga pa Luka 2.

Popeza ufumuwo unali wobisika chotero, panalibe lamulo lomveka la wolowa m'malo. Mu AD 69 mokha munalamulira mafumu anayi, ndipo mu 193 asilikali olondera mfumu, a Praetorian Guard, anapha Pertinax nagulitsa mpandowo kwa Didius Julianus, amene anawalonjeza ndalama zambiri kuposa wina amene ankaufunanso. Chodabwitsa n'chakuti dzikolo silinagawike msanga monga la Alexander, ndipo ndikuona kuti chinaligwira ndi malamulo, misewu, msonkho ndi unzika, zimene sizinkafa pamodzi ndi mfumu. Mfumu Caracalla anapereka unzikawo kwa pafupifupi mfulu zonse mu 212. Dzikolo litagawika pawiri pambuyo pake, mbali ya kumadzulo inagwa mu 476, koma ya ku Constantinople inafika mpaka 1453.

Kwa Amongolo, mawu oyamba kuwadziwa ndi kurultai, msonkhano wa akalonga ndi akazembe. Pa msonkhano wotere mu 1206, Temüjin anapatsidwa dzina la Genghis Khan. Anasakaniza mafuko poika asilikali m'magulu a 10, 100, 1,000 ndi 10,000, lalikululo lotchedwa tumen, kuti munthu amvere mkulu wa gulu lake m'malo mwa mfumu ya kwawo. Uthenga unkayenda pa yam, malo osinthirapo akavalo m'misewu ikuluikulu, ndipo mthenga ankaonetsa paiza, chikwangwani chaching'ono chomupatsa ufulu wa chakudya ndi kavalo wina.

Vuto la kurultai linali lakuti mdzukulu aliyense wa Genghis Khan ankadziona woyenera mpando, ndipo msonkhanowo unkalemekezeka pokhapokha akuluakulu a banja atabwera. Ögedei, mwana wa Genghis Khan amene analowa m'malo mwake, atamwalira mu 1241, mkazi wake Töregene anagwirizira ulamuliro mpaka 1246, pamene mwana wake Güyük anasankhidwa. Mu 1260 zinafika poipa, chifukwa Kublai ndi mng'ono wake Ariq Böke, adzukulu a Genghis Khan, aliyense anaitanitsa kurultai yake, ndipo anamenyana mpaka 1264. Kublai anapambana, koma abale ake olamulira zigawo zina za ufumuwo, a Golden Horde, a Chagatai ndi a Ilkhanate ku Persia, anayamba kudziyendetsera zinthu okha, iye natsala ndi Mongolia ndi China, kumene mzera wake wa Yuan unalamulira mpaka 1368.