Abambo akuti ndikhale loya, koma Chingerezi ndapeza 7

Kalata ya sabata ino ndi ya mnyamata amene wapeza mapointi 23 pa MSCE, Chingerezi 7. Akuti abambo ake, munthu wodziwika pa ndale kwawoko, alamula kuti akhale loya ngati ana a mapulezidenti, ndipo amuuza kuti asavutike, iwo alankhula ndi anthu. Akufunsa: abwereze, kapena adikire abambowo? Makalata otere amachuluka zotsatira zikangotuluka.

Mnyamata iwe, 7 si kirediti, ndipo wopanda kirediti ya Chingerezi salowa ku yunivesite ya boma, kaya abambo ake ndi ndani. Poti kwanu mumakamba za ana a mapulezidenti, tiye tione mmodzi amene anakhaladi loya.

Robert Todd Lincoln anabadwa mu 1843 ku Springfield, m'chigawo cha Illinois ku America. Mu 1859 anakalemba mayeso olowera ku yunivesite ya Harvard ndipo analakwa maphunziro 15 mwa 16. Nthawi imeneyo abambo ake, Abraham Lincoln, anali asanakhale pulezidenti, koma anali kale loya ndi wandale wotchuka. Dzinalo silinamupulumutse. Anamutumiza ku sukulu ya Phillips Exeter Academy kukakonzekeranso chaka chathunthu. Mu 1860 analowa ku Harvard, n'kumaliza mu 1864. Za malamulo anaziyambira konko, koma anangokhala miyezi yochepa, n'kupita kunkhondo ngati kaputeni pansi pa mkulu wa asilikali Ulysses Grant. Malo amenewa, tinene zoona, anamupemphera ndi abambo ake. Abambowo ataphedwa mu April 1865, anasamukira ku Chicago ndi amayi ake, anapitiriza maphunziro, ndipo mu 1867 anavomerezedwa kugwira ntchito ya uloya.

Taona pamene dzina linathandiza ndi pamene linalephera. Pa maudindo ochita kupatsidwa linamukankha ndithu: anakhala nduna yoona za nkhondo kuyambira 1881 mpaka 1885, kenako kazembe ku London kuyambira 1889 mpaka 1893. Pa mayeso linangoti zii. Ndipo ntchito imene inamulemeretsa sinali yokuwa m'khoti ngati zija mumaonera pa TV. Inali ya makampani, mapangano ndi mapepala osatha. Anali loya wa kampani ya Pullman yopanga mabogi ogonamo a sitima, ndipo mkulu wake George Pullman atamwalira mu 1897 iye ndiye anatsogolera kampaniyo mpaka 1911. Ngati tsamba limodzi la nyuzipepala limakugonetsa tulo, lingalira kawiri.

Abambo, ndikulankhula ndi inu tsopano. Kulonjeza mwana kuti mulankhula ndi anthu ndi kumupha ulesi. Akhala pakhomo kudikira foni yosabwera pamene anzake akulembetsa mayeso. Mwamufunsapo ngati iye mwini akufuna uloya? M'kalata yonse sanatchulepo n'kamodzi komwe kuti amaukonda.

Bwereza, mwanawe. Ndilo yankho langa. Lembetsa msanga ku MANEB kudzera pa sukulu yovomerezeka, ndipo usunge risiti, chifukwa ambiri amazindikira mochedwa kuti ndalama analipira koma dzina silinapite. Chingerezi chimagwetsa anthu pa chimangirizo ndi pa kufupikitsa nkhani, choncho lemba chimangirizo chimodzi sabata iliyonse, pa nthawi yoikika, mphunzitsi achonge ndi cholembera chofiira. Kungowerenga mayankho a mapepala akale osalemba wekha ndiko kulakwitsa kofala. Pa tsiku la mayeso dzanja limauma nthawi n'kutha. Mapointi 23 aja ayeneranso kutsika kwambiri, pakuti malo ndi ochepa ndipo olimbirana ndi ambiri. Sankha maphunziro awiri amene unapeza 5 kapena 6 uwagwere molimba.

Dziwanso kuti digiri yokha sikupatsa mphamvu yoimira munthu pa mlandu. Pamafunika kuvomerezedwa ndi khoti, kenako chiphaso chogwirira ntchito chimene amachikonzanso chaka ndi chaka. Ulendowu ndi wa zaka zambiri, ndipo chaka chimodzi chobwereza n'chaching'ono poyerekeza.

Kalata yako yalembedwa mwadongosolo, mfundo zikutsatana bwino, ndiye mwina mutu ulipo. Tsiku lina khoti la majisitireti likamazenga milandu pafupi ndi kwanu, kakhale kumbuyo m'mawa wonse, umve mmene milandu imaimitsidwira n'kuikidwa tsiku lina. Ukatuluka uli ndi chidwibe, ukawauze abambo kuti m'malo molankhula ndi anthu akulipirire mphunzitsi wa Chingerezi.