Kudzuka Pomwe Tulo Panalibe

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mtsikana wina amene amakhala kwa azakhali ake ku Bangwe. Nyumba ndi yaing'ono, iye amayala mphasa pabalaza. Akuti m'bandakucha wina azakhali ndi amuna awo anakhala pabalazapo n'kuyamba kunong'onezana za ngongole, poganiza kuti mwana ali m'tulo. Iye anali maso, koma anatsinzina dala kuti asawachititse manyazi. Funso lake ndi ili: "Zikachitikanso, ndidzuke bwanji kuti asadziwe kuti ndamva zonse?"

Mchemwali wanga, simunalakwe. Ambiri a ife tinakulira m'nyumba zopanikizana za ku Ndirande kapena ku Zingwangwa, momwe khoma lenileni pakati pa mwana ndi akuluakulu ndi bulangeti basi. Kutsinzina kwanu kunali ulemu.

Chimene chimagwiritsa anthu ambiri ndi changu. Munthu wogonadi sadzambatuka n'kuyankha moni bwinobwino nthawi yomweyo. Mutu umakhala wolemera, ndipo kawirikawiri pamapita mphindi 15 mpaka 30 kuti nzeru zonse zibwerere. Ndiye musadzuke anthu atangosiya kulankhula, chifukwa pamenepo ndi pamene amakucheukirani. Dikirani nkhani izilale, azakhali ayambe kukoleza mbaula, kenaka lolani phokoso lakunja likudzutseni. Ku Bangwe silisowa: tambala, ndowa zikugundana pampopi, hutala ya minibasi yoitanira anthu a ku Limbe.

Yambani ndi mpweya, maso abwere pambuyo. Wogona amapuma pang'onopang'ono mofanana, ndipo sameza malovu pafupipafupi ngati munthu amene ali maso. Choncho kokani mpweya umodzi wautali, mezani, tembenukirani kukhoma, mukhalenso phee kanthawi. Kenaka tsegulani maso pang'ono, ngati kuwala kukuthobwa, muwatsekenso. Musayang'ane munthu kumaso. Wongodzuka kumene amayang'ana denga kapena kufufuza foni pansi pa pilo, sadziwa n'komwe kuti m'chipindamo muli ndani.

Za kuyasamula mokweza n'kutambasula manja onse ngati pa sewero la kusukulu, zisiyeni. Azakhali analera ana, amazidziwa zimenezo. Kukanda m'khosi, kutikita diso limodzi, kukoka chitenje kumapewa ngati ndi m'mawa wa chiperoni mu Juni, zakwana. Akakupatsani moni, chedwaniko pang'ono, muyankhe ndi mawu apansi, osasa: "Ndadzuka, kaya inu azakhali." Osawonjezera kuti munagona tulo tofa nato. Sanakufunseni.

Chovuta kwambiri chimabwera dzuwa litatuluka. Mtima womva chisoni umafuna kuoneka. Mudzapezeka mukukana shuga mu tiyi, kapena mukubweza ndalama ya minibasi imene mumalandira masiku onse, ndipo azakhali adzazindikira pompo. Landirani monga mwa masiku onse, sesani pakhomo monga mwa masiku onse. Ngati mukufuna kuthandiza, pakapita masiku gulani kapaketi ka mchere kapena mpukutu wa masamba pamsika, muike kukhitchini osanena kanthu.

Koma ichi ndikunena ndi mtima wonse: zonsezi ndi za nkhani za ndalama ndi kusamvana wamba kwa m'banja. Mukadzamva munthu akumenyedwa, kapena wina akuyandikira mphasa yanu usiku, musatsinzine. Dzukani, yatsani nyali, itanani anthu a nyumba yoyandikana, ndipo kukacha mukauze ankhoswe kapena a polisi.