Mayonezi okoma ngati a kwathu mukakhala kunja

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri. Choyamba, chifukwa chiyani mayonezi a ku Dublin, ku Ireland, sakukoma ngati amene munkagula ku Mzuzu, moti saladi ya kabichi ikumveka yozizira m'kamwa. Chachiwiri, chifukwa chiyani mutayesa kupanga nokha zinangokhala madzimadzi, mafuta pamwamba dzira pansi. Zonsezi zili ndi mankhwala ake, ndipo simukufunika kudikira munthu wochokera kumudzi kuti akunyamulireni botolo.

Lilime lanu silikunama. Mayonezi amene ambirife tinazolowera m'mashopu a ku Mzuzu, amene amathiridwa mu saladi ya pa ukwati ku Katoto kapena ku Luwinga, ndi ochokera ku South Africa monga Nola ndi Crosse & Blackwell. Amenewa amawawasa kwambiri komanso amatsekemera. A ku Ulaya ngati Hellmann's ali ndi mafuta ochuluka, oposa magawo 75 pa 100 alionse, koma viniga ndi shuga n'zochepa. N'chifukwa chake amamveka onona koma osalasa. Si oipa ayi, anangopangidwira lilime lina.

Ngati simukufuna kuvutika, konzani omwe mwagulawo. Pa masupuni aakulu 6 a Hellmann's thirani supuni yaikulu imodzi ya viniga woyera, supuni yaing'ono imodzi ndi theka ya shuga, ndi masitadi theka la supuni yaing'ono. Shugayo muyambe mwamusungunula mu viniga, apo ayi adzakhala akulumika ngati mchenga. Takasani, musiye mu firiji mphindi 20, kenako mulawe. Njira ina ndi kusakaniza mayonezi ndi Heinz Salad Cream, magawo awiri a mayonezi, gawo limodzi la salad cream. Mashopu ogulitsa zakudya za ku South Africa, amene amapezeka ku Ireland ndi ku UK, nthawi zambiri amakhalanso ndi Nola kapena Crosse & Blackwell yeniyeniyo, kungoti mtengo umakwera. Abale amene muli ku America, Miracle Whip ndi amene amayandikira kutsekemerako.

Koma opanga nokha amaposa onsewa, ndiye tiyeni tikhazikike apa.

Mafuta ndi madzi sizigwirizana, tonse tikudziwa. Mayonezi ndi mafuta amene aswedwa kukhala timadontho ting'onoting'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, tikuyandama m'timadzi tochepa ta dzira ndi viniga. Chikasu cha dzira chili ndi chinthu chotchedwa lecithin chimene chimakuta kadontho kalikonse kuti kasaphatikane ndi kanzake. Mukathira mafuta ambiri nthawi imodzi poyamba, chikasucho sichikwanitsa kuwaswa ndi kuwakuta onse, ndiye amangogwirana okhaokha n'kuyandama. N'zimene zinakuchitikirani. Vuto si dzira la ku Ireland, ndi liwiro lothirira mafuta.

Muyeso wake ndi uwu: dzira limodzi lalikulu, mafuta mamililita 250, viniga woyera masupuni aakulu awiri, masitadi supuni yaing'ono imodzi, mchere theka la supuni yaing'ono, shuga masupuni aang'ono awiri. Supuni yaikulu ndi mamililita 15, yaing'ono mamililita 5, osati supuni iliyonse imene mwaipeza m'kabati. Ofuna kukoma kwa ku Ulaya achepetse viniga akhale supuni imodzi, shuga asathire. Dzira mulitulutse mu firiji mphindi 30 musanayambe, kapena muliviike m'madzi ofunda mphindi 5, chifukwa lozizira kwambiri limachedwa kugwira.

Pa mafuta musankhe opanda fungo: a mpendadzuwa, kapena a rapeseed amene ku America amati canola. Ambiri akafika kunja amathamangira extra virgin olive oil poganiza kuti okwera mtengo ndiye abwino. Mu bulenda mafuta amenewa amasanduka owawa, ndipo kuwawa kumeneko sikuchoka ngakhale muthire shuga. Ngati mumawakonda, pangani kaye ndi a mpendadzuwa, kenako kumapeto muonjezere masupuni awiri a olive mukutakasa ndi supuni. Mafuta amene mwakazingira kale tchipisi musayese n'komwe.

Viniga nayenso mumuwerenge pa botolo. Muyeso ndapereka uwu ndi wa viniga wa 5%. M'mashopu a anthu a ku Poland, amene ndi ambiri ku Dublin, viniga wotchedwa ocet nthawi zambiri amakhala wa 10%, ndiye muthire theka, theka linalo madzi. Ku Germany kuli Essigessenz wa 25%, ameneyo gawo limodzi amafuna magawo anayi a madzi, ndipo osamulawa asanasungunulidwe chifukwa amawotcha. Viniga wabulauni wothira pa tchipisi uja, malt vinegar, amadetsa mayonezi ndipo fungo lake limaphimba zonse. Madzi a mandimu amagwira ntchito bwino ngati viniga palibe.

Njira yosavuta kwambiri ndi ya bulenda yogwira pamanja, yooneka ngati ndodo ija. Chinsinsi chake chili pa chotengera. Chikhale chachitali ndi chopapatiza, choti mutu wa bulenda ungokwana pansi pake, ngati kapu yaitali imene imabwera ndi bulendayo kapena botolo la jamu la kukamwa kwakukulu. M'mbale yotakasuka sizitheka, chifukwa dzira limamwazika ndipo mipeni imayamba kukoka mafuta okhaokha. Ikani dzira lonse pansi, viniga, masitadi, mchere ndi shuga, kenako mafuta onse pamwamba. Apa kuthira onse nthawi imodzi si vuto, chifukwa bulenda ikakhala pansi imakoka mafutawo pang'onopang'ono. Dikirani mphindi imodzi kuti dzira likhazikike. Lowetsani bulenda mpaka igunde pansi, itavundikira chikasu, ndiye muyatse mwamphamvu osaisuntha kwa masekondi 15 mpaka 20. Mudzaona zoyera zolimba zikutuluka m'mbali. Zikafika pafupifupi theka la botolo, yambani kukweza bulenda pang'onopang'ono, mukuipendeketsa pang'ono kuti imwe mafuta otsala. Mukayatsa bulenda, zonse zimatha mphindi imodzi isanakwane. Olakwitsa ambiri amalakwitsa pokweza msanga.

Ngati bulenda mulibe, manja amakwana, koma mugwiritse ntchito chikasu chokha, choyeracho musunge. Tengani mbale yakuya, muikhazike pa kansalu konyowa kuti isamathawe. Menyani chikasu, masitadi, mchere ndi supuni yaing'ono imodzi ya viniga ndi kachipangizo ka mawaya komenyera mazira kaja. Tsopano mafuta: dontho limodzi, menyani, dontho lina, menyani. Ndikunena madontho enieni, otsika kuchokera kunsonga ya supuni. Masupuni aakulu atatu oyambirira alowe motero, ndipo apa pokha pangakutengereni mphindi 5. Mukaona kuti zayamba kulimba ndi kuwala, mutha kuthira mafuta ngati kaulusi kopyapyala osasiya kumenya. Mukaona mafuta akusonkhana m'mbali, siyani kuthira, menyani mpaka alowe. Chikasu chimodzi muchipatse mafuta mamililita 180 mpaka 200. Viniga wotsala, amene mwasungunuliramo shuga, alowe pang'onopang'ono pakati pa ntchito ndi kumapeto.

Pali chinthu chimene chimasokoneza anthu. Mafuta akamachuluka, mayonezi amalimba, safewa. Ndiye ngati agwirana bwino koma ndi ofewa, onjezerani mafuta. Ngati alimba kwambiri mpaka akuoneka ngati akutuluka thukuta la mafuta, ali pafupi kusweka chifukwa madzi achepa: thirani supuni yaing'ono ya madzi msanga, mumenye.

Akasweka musataye, mafuta ndi ndalama. Tengani mbale ina yoyera, ikani chikasu chatsopano, kapena supuni yaing'ono ya masitadi ndi ina ya madzi. Zosweka zija muzithire m'menemo pang'onopang'ono ngati mmene mukanathirira mafuta, mukumenya. Zimabwerera bwinobwino. Ndi bulenda ya ndodo, ikani dzira latsopano pansi pa botolo loyera, zoswekazo pamwamba, muyambirenso. Popeza mazira tsopano ndi awiri, mungafunike kuonjezera mafuta ena kuti alimbe.

Nkhani ya dzira laliwisi tisaibise, chifukwa imakhudza moyo. Dzira losaphika likhoza kukhala ndi tizilombo ta salmonella timene timatsegula m'mimba koopsa. Ku UK mazira a chidindo chofiira cha mkango, British Lion, boma linanena mu 2017 kuti angathe kudyedwa osapsa ngakhale ndi amayi oyembekezera, ana ndi okalamba. Ku Ireland yang'anani chizindikiro cha Bord Bia, bungwe la boma loona za zakudya, pa katoni ndipo mutenge atsopano, osang'aluka. Ku America funani olembedwa pasteurized, kutanthauza otenthetsedwa pang'ono kuti tizilombo tife. Ngati m'nyumba muli woyembekezera, mwana wamng'ono, agogo kapena wodwala amene chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo mazira anu simukuwakhulupirira, pangani opanda dzira. Mkaka wonona mamililita 100 ndi mafuta mamililita 200 m'botolo lomwe lija, bulenda pansi monga kale, zikayamba kulimba muthire supuni yaikulu ya viniga, mchere, masitadi ndi shuga. Vinigayo ndi amene amamaliza kulimbitsa. Mkaka wa soya wopanda shuga umachitanso chimodzimodzi. Njira iyi imafuna bulenda, pamanja siigwira.

Opanga nokha sakhalitsa ngati ogula, chifukwa a m'botolo amapangidwa ndi mazira otenthetsedwa kale ku fakitale. Asungeni m'botolo loyera lotseka, mkati mwa firiji osati pachitseko, pa madigiri 5 kapena kutsika, ndipo athe m'masiku atatu kapena anayi. Mu firiza ayi, amasweka akasungunuka. Patebulo asapitirire maola awiri. Abale amene muli konkuno ku Mzuzu mukuwerenga izi, magetsi akathima tsiku lonse, opanga nokhawo atayeni, musadalire kuzizira kwa mwezi wa June. Pa ukwati kapena chinkhoswe pamene chakudya chimakhala panja kuyambira m'mawa, gwiritsani ntchito ogula.

Tibwerere ku saladi yanu ija, chifukwa nthawi zina mayonezi amanamiziridwa mlandu wa kabichi. Kabichi yoyera ya ku Ulaya ndi yolimba, ndipo ikakumana ndi mchere imatulutsa madzi amene amasungunula zonse. Iduleni mopyapyala, theka la mutu muwaze supuni yaing'ono ya mchere, isiyeni mu sefa mphindi 30, muitsukuluze pang'ono, kenako muifinye ndi kansalu koyera mpaka iume. Onjezerani karoti awiri opala ndi kaanyezi kochepa, mayonezi masupuni aakulu 5 kapena 6, ndipo musakanize kutatsala ola limodzi kuti anthu adye. Ikafuna kuwawasa kwina, finyiranimo theka la ndimu pomaliza.