Za Mayi Ganga: chiyero ndi ukhondo ndi zinthu ziwiri

Achemwali, mwafunsa kuti Ahindu anganene bwanji kuti mtsinje wa Ganges ndi mulungu wachiyero, pomwe pa kanema mwaonayo madzi ake ndi akuda bii, zinyalala zikuyandama, anthu nkumasamba ndi kumwa omwewo. Ena akuyankhani kale kuti ndi umbuli basi. Ine ndikupempha kuti tisathamange. Ndinakhala ku India zaka zitatu ndili pa sukulu, ndipo funso lomweli linandisowetsa mtendere mpaka nditakaima ndekha m'mbali mwa mtsinjewo mumzinda wa Varanasi. Sindine Mhindu, koma zimandipweteka anthu akamasekedwa pa chinthu chimene osekawo sanachifunse nkomwe.

Eni ake satchula kuti Ganges. Amati Ganga Ma, kutanthauza Mayi Ganga, ndipo kwa iwo mtsinjewo ndiye mulunguyo, osati nyumba yake chabe. Nkhani ya kubwera kwake pansi pano ndiyo imamasula zonse. Akuti mfumu Sagara inali ndi ana aamuna 60,000. Hatchi yake ya nsembe itasowa, anawo anakumba dziko lonse kuifunafuna, nkukaipeza pafupi ndi munthu wopatulika dzina lake Kapila, ali chete m'mapemphero. Anamunena kuti ndi mbala. Kapila atangotsegula maso, onsewo anapsa nkusanduka mulu wa phulusa. Panalibe wowachitira mwambo wa maliro, choncho mizimu yawo inangokhala yosowa kolowera. Inu mukudziwa mmene mtima umawawira m'bale akafera kutali osaikidwa mwaulemu. Apa anali anthu 60,000.

Mibadwo inadutsa mpaka kunabadwa Bhagiratha, wa m'banja lomwelo. Iye anasiya ufumu nkukadzizunza kumapiri zaka zambirimbiri, kupempha kuti Ganga, amene nthawiyo ankayenda kumwamba, atsike adzasambitse phulusa la makolo ake. Brahma, mulungu wolenga, anavomera, koma panali vuto: madziwo akanagwa ndi mphamvu yawo yonse, dziko likanaphwasuka. Shiva, mulungu winanso wamkulu, ndiye anatchera mutu wake, madzi nkukodwa m'tsitsi lake lopotanapotana, kenako nkuwamasula pang'onopang'ono. Ganga anatsatira Bhagiratha mpaka kunyanja, nanyowetsa phulusa lija, mizimu nkumasuka. Nchifukwa chake mukaona chithunzi cha Shiva mumaona kamtsinje kakutumphuka pamutu pake, ndipo mpaka lero chigawo choyamba cha mtsinjewu, chochokera ku madzi oundana a Gangotri m'mapiri a Himalaya, chimatchedwa Bhagirathi. Dzina loti Ganga limayambira pa Devprayag, pomwe Bhagirathi amakumana ndi Alaknanda, ndipo ulendo wonse mpaka kunyanja ya Bay of Bengal ndi makilomita pafupifupi 2,500.

Taonani bwino apa, achemwali. Ganga sanatsike kudzakhala patali ndi zonyansa. Anatsikira phulusa la anthu akufa, anthu olakwa. Ntchito yake ndi kulandira chodetsedwa nkuchinyamula. Chiyero chake ndi mphamvu yoyeretsa, osati kuoneka mbee kwa madzi. M'Chihindi mawu ake ndi osiyananso: pavitra ndi choyera mwauzimu, saaf ndi chaukhondo. Mhindu atha kuvomera kuti mtsinje wada, koma sangavomere kuti wadetsedwa. Mayi amene ndinkachita lendi m'nyumba mwawo anandiyankha ndi funso: mwana akaipitsira amake nsalu, kodi amakewo asiya kukhala mayi?

Pa zithunzi amamujambula ngati mayi woyera khungu, wovala sari yoyera ndi chisoti chachifumu, atakhala pa makara, chilombo cha m'madzi chofanana ndi ng'ona koma chamchira wa nsomba. Dzanja lina agwira mtsuko wamadzi, chizindikiro cha chonde ndi moyo, lina duwa la kakombo wa m'madzi, lomwe limamera m'matope koma osathimbirira. Makara uja amanena zambiri: madzi amapha, amakokolola midzi, koma mayiyu wawakhalira pamsana. Pa makomo a akachisi akale ambiri anasema Ganga pa makara mbali ina, Yamuna, mtsinje winanso umene amautenga ngati mulungu, pa kamba mbali inayo, kuti wolowa akhale ngati wasamba m'mitsinje iwiriyo asanafike pamalo opatulika.

Kapembedzedwe kake kambiri sikachitikira m'kachisi. M'nyumba ya mayi aja munali kamtsuko kamkuwa kotsekedwa ndithu, kali pakashelefu pamodzi ndi zithunzi za milungu. Munali Gangajal, madzi a Ganga. Amawaza pang'ono m'nyumba yatsopano, pa ukwati, kapena pakachitika chodetsa. Koma ntchito yake yaikulu ndi ya tsiku lomaliza: munthu akamatsirizika amamudonthezera m'kamwa pamodzi ndi tsamba la tulsi, chomera chopatulika kwa Ahindu. Mayiwo ankakapukuta kamtsukoko m'mawa uliwonse akudziwa kuti tsiku lina ana awo adzakatsegulira iwo.

Ku Varanasi ndinafika pa Dashashwamedh Ghat dzuwa likulowa. Ghat ndi masitepe amiyala otsikira kumadzi. Ansembe achinyamata anaima pamzere, wina kuliza chigoba cha nkhono, mabelu ngwee ngwee, utsi wa lubani tolotolo, nyali zikuluzikulu zamkuwa zamoto wambiri akuzizunguza moyang'ana mtsinje. Umenewu ndi mwambo wa aarti, ndipo umachitika madzulo aliwonse. Chimene sindiiwala si ansembewo ayi. Ndi gogo wina amene anagula kambale ka masamba kokhala ndi maluwa ndi kanyali, nagwada pa sitepe yomaliza, nakakankha ndi chala pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, maso ali pa kanyaliko mpaka kanazimiririka. Kungoyenda pang'ono kuchoka apo mufika pa Manikarnika Ghat, pomwe moto wotenthera mitembo suzima usana ndi usiku. Mtembo amayamba auviika m'madzi, kenako pa nkhuni, phulusa nkubwerera kwa mayi. Amakhulupirira kuti wofera ku Varanasi amamasuka ku kubadwa ndi kufa mobwerezabwereza, sabadwanso pa dziko lino.

Zikondwerero zilipo zingapo. Ganga Dussehra, cha mu Meyi kapena Juni, amakumbukira tsiku la kutsika kwake. Kumbh Mela yaikulu, yomwe makamu a anthu amasonkhana kudzasamba ku Prayagraj, pomwe Ganga amakumana ndi Yamuna, imabwera pa zaka 12 zilizonse, ndipo ya 2025 inayamba pa 13 Januwale nkutha pa 26 Febuluwale. Ngakhale ku Mauritius kuli nyanja yaing'ono yotchedwa Ganga Talao, momwe anathiramo madzi ochokera ku Ganga mu 1972.

Tsono pa za uve, maso anu sanakunamizeni. Koma chodetsa chachikulu si maluwa kapena phulusa. Ndi zonyansa za m'zimbudzi za mizinda ikuluikulu zothiridwa osasefedwa, ndi mankhwala a m'mafakitale, monga ofufuta zikopa ku Kanpur. Boma la India linayambitsa ndondomeko zoyeretsa mtsinjewu, Ganga Action Plan cha m'ma 1985, kenako Namami Gange mu 2014, ndipo nkhondo ikadalipo. Ndivomereze kuti chikhulupiriro chomwechi chimapangitsa ena kutayirira, nkumati mayi adziyeretsa yekha. Kumeneko ndikulakwa, ndipo ana amadwala nako.

Koma amene amenyera mtsinjewu kwambiri ndi opembedza omwewo. G. D. Agrawal, katswiri wa zachilengedwe amene pambuyo pake anakhala mmonke, anamwalira mu Okutobala 2018 atasala kudya masiku 111, kufuna lamulo loteteza Ganga. Veer Bhadra Mishra anali mkulu wa kachisi wa Sankat Mochan ku Varanasi, komanso mphunzitsi wa uinjiniya wa zamadzi pa Banaras Hindu University. Mu 1982 anayambitsa Sankat Mochan Foundation, yomwe inkayeza madziwo ndi kuulula poyera kuchuluka kwa tizilombo ta m'chimbudzi tomwe tinalimo. Ziwerengerozo ankazidziwa kuposa wina aliyense. Komabe m'mawa ankatsika masitepe a Tulsi Ghat kukasamba kwa mayi ake, kenako nkupita kukalimbana ndi akuluakulu a boma za mapaipi a zonyansa. Anamwalira mu 2013.