Musanalipire za kanyumba ka kunyanja za kumpoto kwa Ontario, mufunse za injini

Achimwene, nditangoona zoti mukusonkherana ndi anzanu a kuntchito kuti ndege ikakutuleni pakanyumba ka kunyanja za kumpoto mukawedze sabata yathunthu, mtima wanga wagunda ngati ndabwereranso pachilumba chija. Dipozitiyo musatumize kaye. Imvani zimene zinatigwera ife mu June 2022.

Tinali anayi, ine, alamu anga amene anakwatira achemwali anga aakulu, ndi anyamata awiri a kutchalitchi kwathu kuno ku Winnipeg. Tinanyamuka pakati pausiku, kudutsa Kenora, kukhota pa Vermilion Bay kulowa msewu wa 105, Ear Falls, mpaka Red Lake, pafupifupi maola 6. Aliyense anatulutsa madola oposa 1,500, ndalama za mashifiti ausiku, osati zotola. Padoko anatikweza pasikelo ife ndi katundu yemwe. Malire anali mapaundi 100 munthu mmodzi, ndiye kuti makilogalamu 45, kuphatikiza chakudya, zovala, mbedza, zonse. Tinapyola, ndiye tinasiya m'galimoto theka la ufa ndi zitini zina. Ndege yake inali Beaver ya De Havilland, mtundu umene unayamba kuuluka mu 1947 ndipo mpaka pano ndi umene ukusenza anthu m'tchire lija. Muli m'mwamba mumangoona madzi, mitengo, madzi, mitengo, kopanda msewu, kopanda denga, ngakhale utsi wa munthu wophika. Woyendetsa anatitsitsa pakadoko kamatabwa Loweruka m'mawa, n'kunena kuti tionana Loweruka linalo. Phokoso la ndege litazimirira ndi pamene unamva m'mimba kuti eee, tatsaladi tokha.

Mwini malowo anatilonjeza zinthu zitatu pafoni, ndi pakamwa pake. Anati injini za maboti zakonzedwa kumene, anati m'kanyumba muli kachipangizo ka satelayiti kotumizira uthenga pakagwa vuto, ndiponso anati Lachitatu ndege idzadutsa kudzationa ndi kutibweretsera ayisi ndi nyambo. Kachipangizoko tinakapezadi, kali pakhoma, kakufa. Tinakatchaja pa sola tsiku lonse, sikanaphethire n'komwe. Injini ya boti limodzi, ya mahosi 15, inkatsokomola kuyambira tsiku loyamba, koma ikalira imayenda, ndiye tinati bola.

Nsomba zokha sindinganame, zinalipo. Walleye, amene anthu akuno ena amati pickerel, timangoponya kajigi, kambedza kolemera kumutu, ndi kansomba ka nyambo, sikafika n'komwe pansi wagwira. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, chambo ndimachidziwa, koma walleye wongotuluka m'madzi ozizira, wokazinga, ndi nsima yotentha pambali, alamu anga anadya mpaka kukhala chete. Masiku atatu oyambawo tinkangoyamika Mulungu.

Lachiwiri madzulo ine ndi alamu tinatenga boti lotsokomola lija kupita kumapeto kwenikweni kwa nyanja, kumene kamtsinje kamathira, chifukwa kumayambiriro a June walleye amaunjikana m'malo oterowo. Anyamata aja sitinawauze kumene tikupita. Ilo ndi tchimo langa ndipo ndimalivomera. Dzuwa kumeneko mu June limalowa cha m'ma 9 koloko kupitirira, ndiye munthu umanyengeka, umaona ngati nthawi ikadalipo. Cha m'ma 7 tinati tizibwerera. Ndinakoka chingwe cha injini, inalira pang'ono, n'kuzima. Kukokanso, zii. Ndinakoka mpaka khungu la chala linasupuka. Ndinamasula mapulagi, kupukuta ndi malaya, kubwezera, palibe. Nditapopera petulo pang'ono m'kabotolo ndinaona madzi akhala pansi, petulo pamwamba. Thanki ija inali ndi madzi, mwina chigonereni nyengo yonse yachisanu. Kuyang'ana nkhafi, imodzi yokha, yong'aluka pakati, yomangidwa ndi tepi. Lamulo la kuno limati boti lotere lizikhala ndi jekete yoyandamitsa ya munthu aliyense, chopalasira, chokapira madzi, chingwe choyandama, wenzulo ndi tochi. Majekete tinavala athu. Wenzulo ndi tochi munalibe.

Kenako mphepo inadzuka. Mwera ndimaudziwa, ndinauona ukubweza asodzi akuluakulu kugombe, koma kwathu ukagwera m'madzi umasambira, madzi ndi ofunda, ndipo penapake pali bwato la munthu, pali mudzi, pali moto ukuoneka. Nyanja ija ayisi anali atasungunuka masabata ochepa chabe m'mbuyomo. Funde likakuwaza kumaso umamva ngati akumenya ndi waya. Ukagwamo, manja amauma usanafike patali. Boti linatembenukira chammbali, mafunde n'kumalowa, alamu akukapa ndi chigubu chodula, ine ndikupalasa ndi nkhafi yong'aluka ija, ndipo nditakanikiza mwamphamvu inathyokeratu, ndinatsala ndi mpini m'manja. Tinangoisiya mphepo itikankhe mpaka boti linagunda mwala wa kachilumba kena. Ndinadumphira m'madzi ofika m'chiuno kuti ndilikoke lisaphwanyike. Kuzizira kwake ndinalephera kupuma, kukamwa kunangoti yasa.

Kachilumbako ndi mwala wokhawokha, ndere zotuwa pamwamba, timitengo ta spruce ndi birch pang'ono. Tonse tinanyowa. Alamu anga ali ndi shuga, anali atamwa mankhwala awo masana, ndipo chakudya chonse chinali kukanyumba chifukwa timati tikadya tikabwerera. Mdima utayamba ndinaona akunjenjemera, thukuta pamphumi kunja kukuzizira chonchija, mawu akutuluka okokakoka ngati munthu woledzera. Ndinawafunsa dzina la mwana wawo woyamba, anandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhe. Achimwene, mantha ngati amenewo sindinawamvepo. Ndinapisa m'matumba onse, m'thumba lam'kati la jekete ndinapeza maswiti awiri a mwana wanga, omata ndi pepala lomwe. Ndinawaika m'kamwa mwawo ndi dzanja langa. Laita inali m'bokosi la mbedza, mwamwayi youma. Makungwa a birch amayaka ngakhale anyowe, zimenezo anandiphunzitsa mzungu wina wa kuntchito ndipo usiku umenewo ndinamudalitsa. Moto utagwira ndinatumbula walleye awiri, kuwabaya pakamtengo, kuotcha opanda mchere, n'kumawadyetsa alamu pang'onopang'ono ngati mwana.

Mphepo italeka kunabwera udzudzu. Madzulo zinali zitatidya kale ntchentche zing'onozing'ono zakuda zija, zimene zimalowa kuseri kwa makutu ndi m'khosi, sumva kuluma, umangoona magazi pakolala. Izo zikagona udzudzu umalandira ntchito. Tinadzikwirira mitu m'majekete, kukhala msana ndi msana. Panyanja pankalira mbalame ija ili pa ndalama yachitsulo ya dola imodzi, loon, kulira kwake ngati mayi wofedwa. Nthambi ikathyoka kumtunda ndinkaimirira ndi chikuni chamoto, chifukwa zimbalangondo zimasambira, chilumba si mpanda. Cha m'ma 2 usiku alamu anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mlamu, zikavuta mukawauze achemwali anu kuti mapepala a nyumba ya ku Area 25 ali m'sutikesi yabuluu.” Ndinawakalipira kuti akhale chete, koma misozi inali ikutsika. Tinapemphera, tinaimba nyimbo za kwaya motsitsa mawu, ine n'kumawafunsa mafunso kuti asagone.

Anyamata aja anatifunafuna ndi boti linalo mpaka mdima, koma nyanjayo ili ndi timagombe ndi tizilumba tosawerengeka, ndiponso miyala yobisala pansi pamadzi. Anabwerera akulira, akuganiza kuti tamira, ndipo analibe njira youzira munthu aliyense padziko lapansi. Kutacha ndinaunjika nthambi zaziwisi za spruce pamoto kuti utsi ukwere. Anatipeza cha m'ma 9 m'mawa, n'kutikoka ndi chingwe.

Limenelo linali Lachitatu, tsiku la ndege yolonjezedwa ija. Tinakhala padoko maso kumwamba, kunja kuli ngwee, mtambo ngakhale umodzi. Sinabwere. Lachinayi sinabwere. Ine ndinkafuna alamu akaonedwe kuchipatala, mapazi awo anali atatupa. Loweruka kunagwa chifunga, ndipo apo sindidandaula, ndege zimenezi zimayenda ndi maso, woyendetsa sangatere pamadzi amene sakuwaona, ndi bwino achedwe kusiyana n'kuti atiphe. Inafika Lamlungu masana. Ufa unali utatha Lachisanu, uja tinausiya m'galimoto, tinkangodya nsomba ndi tiyi. Woyendetsayo atamva nkhani yathu anagwira mutu, anati palibe anamuuza zoti adutse pakati pa sabata.

Tsono bambo uja, mwini malo. Ndinafika muofesi mwake nkhope yotupa ndi zilonda za ntchentche, ndinamufotokozera zonse mwaulemu. Anangokweza mapewa, akuti kutchire n'chomwecho. Kenako n'kuyamba kunena kuti mwina ife sitidziwa injini, tinaimwetsa petulo, ndipo aona ngati sadula kanthu pa dipoziti chifukwa cha nkhafi yothyoka. Nkhafi! Munthu anatsala pang'ono kufera pamwala iye akuwerengera nkhafi yomanga ndi tepi. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti m'kanyumbamo muli kabuku kamene alendo amalembamo, ndipo gulu limene linatuluka ife tikulowa linalemba poyera kuti injini ya boti lachiwiri ikuzimazima ndipo amuuza mwini wake. Ankadziwa. Anatenga ndalama zathu akudziwa. Nditamuonetsa chithunzi cha tsambalo pafoni anasiya za nkhafi, n'kunena kuti adzatichotserako pang'ono tikadzabweranso chaka chamawa. Pepani sanamutchule. Ngakhale kufunsa kuti alamu ali bwanji, ayi. Achemwali anga anakhala miyezi iwiri osandilankhula, ndipo sindiwaimba mlandu. Dzina lake sindilemba pagulu pano, koma munthu wotere sayenera kusunga miyoyo ya anthu.

Ndiye ngati mukupitabe, chilichonse chimene akulonjezani chilembedwe pa imelo, makamaka za ndege yapakati pa sabata. Kachipangizo ka satelayiti mutenge kanu, Garmin inReach kapena foni ya satelayiti yobwereka, mukayese muli kunyumba, ndipo kazikhala m'thumba mwanu m'boti, osati pakhoma. Ndege isananyamuke, mulize injini zonse woyendetsa ali pomwepo, muyang'ane petulo, muwerenge nkhafi. Mankhwala ndi chakudya mutenge zopitirira ndi masiku awiri kapena atatu. M'boti muzikhala kachikwama kosalowa madzi, muli machesi, tochi, shuga, juzi youma ndi neti yakumutu. Pochoka muziuzana kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Za layisensi musachite nazo masewera, mufunika Outdoors Card ya Ontario ndi layisensi yowedzera, ya Manitoba sigwira ntchito kumeneko. Layisensi zowedzera zilipo mitundu iwiri. Kudera tinapita ife, layisensi ya sport imalola walleye 4, ya conservation 2, woposa masentimita 46 mmodzi yekha, ndipo amene mwadya tsiku limenelo amawerengedwa momwemo. Nsomba zobwera nazo kunyumba muzisiya kachikopa pamnofu kuti oyang'anira azindikire mtundu wake. Tinsomba tamoyo ta nyambo mukagule komweko, kulowa nato kuchokera kunja kwa Ontario n'koletsedwa.

Koma musanyamulenso nyumba yonse chifukwa cha mantha a nkhani yangayi, sikelo ija sinyengerera, ndipo theka la zimene anthu amatenga sazigwiritsa ntchito. Komanso musakangokhala pafupi ndi doko sabata yonse ngati nkhuku zonyowa. Nsomba zenizeni zili kutali, kumathiriro a timitsinje ngati kuja tinafera injini, ndipo nthawi yake ndi yomweyo, kumayambiriro a June, nyengo yowedza walleye itangotsegulidwa Loweruka lachitatu la May, ngakhale ndi nthawi ya ntchentche ndi madzi ozizira. Mukadikira July kapena August tizilombo timachepa, koma mukhoza kukumana ndi moto wa m'nkhalango, kumbukirani kuti mu August 2020 anthu a m'tauni ya Red Lake anasamutsidwa chifukwa cha moto. Eni malo abwino aliponso ambiri, si onse ali ngati uja. Kunena zoona, m'mawa umene ndinakhala pamwala paja alamu atayamba kulankhula bwinobwino, nthunzi ikukwera pamadzi, mphalapala yaikulu ya kuno, moose, ikuwoloka kutsidya, sindinaonepo malo okongola chonchija chichokereni kumudzi. Ine ndikubwereranso, kwa munthu wina, ndipo alamu akuti achemwali akawalola abwera.

inReach ndinagula yanga nditangofika ku Winnipeg. Mundilembere ku inbox masiku amene mukupita, ngati sakugundana ndi anga mudzaitenge, ndipo ndikuuzani dzina la bambo uja kuti muone ngati si yemweyo amene mukufuna kumutumizira ndalama.