Ndisiye akaunti, ndikaphunzire kuwomba sari?

Mtsikana wina wa kwathu kuno, amene ali chaka choyamba pa koleji ina ku Chennai m'dziko la India, walemba kuti: "Maphunziro a akaunti anandisankhira ndi bambo. Nditapita ku Kanchipuram n'kuona anthu akuwomba sari za silika pamanja, mtima unatsala komweko. Ndikufuna kusiya koleji ndikaphunzire kwa iwo, koma bambo akuti ndikatero, za fizi ndiiwale."

Makalata otere sandisowa, ndipo pano nonse awiri mwandikwiyitsa.

Iwe mwanawe, ulendo wa tsiku limodzi usakusiyitse sukulu. Luso limene unaonalo, lowomba nsalu zimene amayi a ku India amavala, anthu amabadwiramo. Mwana amayamba ndi kukulunga ulusi, kenako amakhala pambali pa bambo wake n'kumaponya kachoponyera ulusi ka m'mphepete mwa nsalu. Pa kawombedwe ka korvai, thunthu la nsalu ndi mphepete zimakhala ndi ulusi wosiyana mitundu, ndipo amazilumikiza mzere uliwonse, anthu awiri pa chowombera chimodzi. Sari imodzi imatha kudya masiku 10 kapena kuposa. Silika amagula ku Karnataka, ulusi wasiliva wokutidwa ndi golide, wotchedwa zari, umachokera ku Surat, ndipo phindu lalikulu limatsalira wamalonda. Boma la India linaika lamulo mu 1985 loteteza nsalu zowomba pamanja, komabe zamakina zotsanzira zadzaza misika, moti ana a owomba ambiri akuthawa ntchitoyi. Iwe mlendo, wosadziwa Chitamil, ukadya chiyani?

Njira imene ndikuikhulupirira ili m'chigawo cha Tamil Nadu, momwe muli Chennai ndi Kanchipuram. Ku Salem kuli Indian Institute of Handloom Technology, kumene amaphunzitsa dipuloma ya zaka 3: kapangidwe ka nsalu, kunyika utoto, kuyesa ulusi, kasamalidwe ka zowombera. Alembere, ufunse za malo a ophunzira akunja ndi fizi yake, usanasiye chilichonse. Nzeru zimenezo zimagwiranso pa thonje, ndipo thonje la ku Balaka ndi Chikwawa likusowa anthu odziwa kulisandutsa nsalu.

Inu bambo, kuopseza mwana ali kutali chonchi n'kumuphunzitsa kukubisirani zinthu. Mufunseni mapepala, muwerengere limodzi.

Mwanawe, maliza chaka chino ukhoze bwino, chifukwa wowomba wosadziwa kuwerengera mtengo wa ulusi amadyeredwa. Patchuthi bwerera ku Kanchipuram, ukakhale mwezi wathunthu pa bungwe lina la owomba. Msana ukakapweteka koma n'kumafunabe, undilemberenso, ndidzakuthandiza kulankhula ndi bambo.