Kodi si moto wa pansi pa nthaka ukutenthetsa dziko?

Wowerenga wina watumiza imelo ndi funso ili: "Ku migodi ya ku Joni, ukamatsika kumatentha. Ku Chiweta madzi amatuluka m'nthaka ali otentha. Bwanji osangonena kuti dziko likutentha chifukwa cha moto wa pansi, m'malo monamizira mpweya wa carbon dioxide?"

Achimwene, zoti pansi pali moto n'zoona. M'madera ambiri kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse yomwe mwakumba, ndipo mu mgodi wa Mponeng ku South Africa, wozama pafupifupi makilomita 4, thanthwe limafika cha m'ma madigiri 60. Koma thanthwe ndi laumbombo, kutentha kwake limatulutsa modontheza. Tikagawa dziko lonse mofanana, sikweya mita iliyonse imalandira mawati pafupifupi 0.09 kuchokera pansi, pomwe kuchokera kudzuwa imasunga mawati 240. Mpweya womwe anthu awonjezera kuyambira nthawi ya mafakitale ukutsekereza mawati ena oposa 2.5, kuchulukitsa moto wa pansiwo pafupifupi ka 30.

Tengani pensulo. Pamalo pomwe nyanja ya mchere ndi yozama mamita 4,000, pa sikweya mita imodzi pakhala madzi olemera matani 4,000. Kuti akwere ndi digiri imodzi yokha, moto wa pansi uyenera kuwawotcha zaka zoposa 5,000, osatayako ngakhale pang'ono.

Ndiye mvetserani izi. M'phika ukakhala pa mafuwa, kumayamba kutentha ndi kunsi. Nyanja ya mchere sili choncho: pansi pake madzi ali pakati pa madigiri 0 ndi 4, ngakhale kumadera otentha. Madziwo amazizira pafupi ndi Antarctica ndi Greenland, amalemera chifukwa cha kuzizira ndi mchere, n'kumira, kenako n'kumakwawa pansi kwa zaka mazanamazana. Zoona, pali maenje ena pansi pa nyanja otulutsa madzi ofika madigiri 400, ndipo akasupe oyamba a madzi ofunda a pansi pa nyanja anapezeka mu 1977 pafupi ndi zilumba za Galápagos. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Amatenga muyeso wa pakamwa pa dzenje ngati wa nyanja yonse, chonsecho mukasuntha mamita ochepa madzi abwerera kale pa madigiri 2.

Nyanja ya Malawi ndi umboni wapafupi. Ili m'chigwa chong'ambika, akasupe otentha ali m'mbali mwake, kuya kwake n'pafupifupi mamita 700. Komabe pansi pake madzi ali cha m'ma madigiri 23, ozizirirapo kuposa a pamwamba omwe amafika 28 nthawi yotentha. Chimalamula kutentha kwa pansipo ndi madzi ozizira a nyengo ya mwera omwe amamira.

Nanga kutentha kwatsopanoku kukulowera kuti? Zipangizo zoyeza kutentha m'nyanja ya mchere zotchedwa Argo, pafupifupi 4,000, zimamira mpaka mamita 2,000 n'kuyandamanso masiku 10 aliwonse zikuyeza. Zikuonetsa kuti mamita 700 a pamwamba ndi omwe akutentha msanga, ndipo kutenthako kumachepa mukamatsika. Kukanakhala kochokera pansi, chithunzi chikanakhala chozondoka. Dzuwanso lokha silingafotokoze, chifukwa mlengalenga wa pamwamba, kupitirira makilomita 15 kapena 20, ukuzizira pomwe pansi pano pakutentha. Ndi zomwe zimachitika kutentha kukatsekerezedwa m'munsi.

Kukayika si mlandu, koma nkhaniyi si yongoganizira. Wasayansi John Tyndall anayeza mu 1859 kuti carbon dioxide ndi nthunzi zimagwira kutentha kochoka pa nthaka. Popanda mpweya wotere dziko likanakhala pa madigiri 18 pansi pa ziro, osati 15 monga lilili. Carbon dioxide anali magawo 280 pa miliyoni mafakitale asanayambe, lero wadutsa 420. Moto wa pansi wakhala ukudontha chimodzimodzi zaka zonsezi.